Mwala wa Mayi Pyo

Lamulo loyamba limene mwana aliyense wa mumzinda wathu wa Obihiro amaphunzira pa masewera othamanga motsetsereka pa ayezi ndi lakuti ukachoka pa ayezi, phimba mipeni yotsetserekera ya kunsi kwa nsapato zako. Ine Fuyuka Tomari, munthu wamkulu wa zaka makumi atatu ndi chimodzi, ndinaiwala. Ndinali nditangomaliza kutenthetsa thupi, maganizo onse ali pa liwiro lomaliza la mamita 1,000, ndipo ndinaponda kamsomali kamene kanagwera pamphasa ya labala. Nditakweza phazi, mpeni wakumanzere unali utabenthuka.

Linali tsiku lachiwiri la mpikisano wa dziko lonse lapansi wa mitunda yaifupi, kwathu komwe, abale ndi alongo atadzaza m'mipando. Titathamanga katatu ndinali pa nambala naini. Akuluakulu a timu anali atanena mosapsatira kuti wosalowa m'gulu la asanu ndi atatu oyamba akapume, malo apatse ana. Panatsala mphindi makumi awiri kuti liwiro lomalizalo liyambe. Wotinolera mipeni anali ataperekeza kuchipatala mnzathu amene anagwa m'mawa, chikwama cha miyala yonolera chili m'galimoto momwemo. Mpeni wobenthuka sugwira pokhota, umangokuponyera kukhoma.

Ndinakhala pabenchi nsapato ili m'manja, ndikudzitukwana.

"Iwe, ukuilera ngati khanda nsapatoyo? Bwera nayo kuno."

Anali Mayi Pyo, kochi wa timu ya ku Korea, wamfupi, wa imvi, amene tonse tinkawaopa chifukwa cha pakamwa pawo. Mtsikana wa mutimu yawo Da-on ndiye anali pa nambala eyiti, patsogolo panga pang'ono chabe, ndipo ndi yemweyo amene ndinkakathamanga naye.

"Mayi, komatu ndikupikisana ndi mwana wanu."

"Ndiye? Ukuyesa sinditha kuwerenga ndandanda? Vula inayo. Mipeni timanolera pamodzi, kapena zimenezonso waiwala?"

Anamangirira nsapato zonse ziwiri pachitsulo chawo, nadonthezera mafuta pamwala, n'kuyamba kunola. Sanayang'ane koloko ngakhale kamodzi. Woyang'ana ndinali ine. Da-on anabwera kudzafunsa china chake, naona nsapato zanga, naima kukamwa yasa.

"Ukuyang'ana chiyani? Kadziwongole uko," anatero mayiwo osadzutsa mutu.

Patatsala mphindi zinayi anapala chikhadabo chawo ndi mpeniwo poyesa kuthwa kwake, nagwedeza mutu, n'kundikankhira nsapato pachifuwa. "Thamanga. Ukakagwa usakatchule dzina langa."

Mfuti yoyambitsira liwiro inalira. Pokhota koyamba ndinagonera kumanzere ndili ndi mantha, koma mpeni unaluma ayezi bwinobwino, ndipo mantha anathera pomwepo. Posinthana komaliza njira yamkati ndi yakunja, Da-on anali akadali patsogolo. Miyendo inali itasanduka mitengo, mpweya ukuotcha pakhosi, koma ndinalimbikira mpaka ndinamupitirira, n'kuponya phazi pamzere. Onse atamaliza, bolodi inaonetsa dzina langa pa nambala eyiti, la Da-on pa naini. Malo anga mutimu anapulumuka.

Anthu akukuwa, ine ndinaphimba mipeni, n'kupita kubenchi ya anzathu a ku Korea. Da-on anali atadzifunditsa thaulo kumutu, mapewa akugwedezeka. Chimwemwe changa chinasakanikirana ndi manyazi. Ndinawerama pamaso pa Mayi Pyo mpaka msana kuwawa, misozi ikudonthera pansi.

"Mayi, zikomo. Ndilibe mawu. Pepaninso."

"Pepani wa chiyani? Weramuka, anthu aziyesa ndakumenya." Anapumira m'mwamba. "Akanakuposa uli ndi mpeni wobenthuka, bwenzi akudziyesa katswiri chaka chonse. Lero wagonja kwa munthu. Pamenepo ndili ndi poyambira."

Anagwada pamaso pa Da-on nayamba kumumasula zingwe za nsapato, ine ndikadali chiweramire.