Filiji ya a Davide

Tisungeni ankagwira ntchito yosamalira okalamba m'nyumba zawo kudziko lina lakunja. Lachiwiri lililonse ankakwera sitima yapamtunda kupita ku tauni ya Fremantle kukasambitsa a Davide, msodzi wopuma wa zaka 88 amene ankakhala pafupi ndi gombe. Tsiku lina anapeza mlendo pakhonde, Connie wa ku khonsolo, atayala mapu patebulo. Pamapupo, msewu wonse wa a Davide unali utapakidwa buluu.

"Madzi a m'nyanja akukwera pang'onopang'ono," anatero Connie. "Pofika chaka cha 2100, pano padzakhala pamadzi."

"Pofika 2100 ine ndidzakhala nditawola kalekale," anayankha a Davide. "Mapuwo mundisiyire ndizikulungira nsomba."

Connie anatulutsa pepala lina lodzaza manambala. Nkhalambayo inayamba kuliza mkonono wabodza, diso limodzi lili chipenyere.

Tisungeni anakulira ku Nsanje, kumene aboma ankabwera chaka ndi chaka ndi chimkuzamawu kudzauza anthu kuti asamukire kumtunda, anthu n'kumangoti "tamva" uku akupalira. Amalume ake anasamuka tsiku limene madzi anakokolola mbuzi zawo.

"Agogo," anatero Tisungeni akupinda thaulo, "chimphepo cha mu Juni chija, madzi analekeza pati m'galaja?"

"M'akakolo basi."

"Nanga filiji ya mowa ija, soketi yake ili pati?"

A Davide anatsegula diso linalo. Anatola ndodo n'kutsika masitepe paliwiro lomwe sanalionetsepo popita kubafa. Mzere wa mchere umene madzi a m'nyanja anasiya pakhoma unali utatsala zala zitatu kuti ukhudze soketi.

"Iwe wa mapu," anakuwa ali m'galajamo, "tabwera undifotokozere bwinobwino. Za 2100 zisiye."

Connie anawauza kuti pachaka madzi amakwera pang'ono chabe, koma zikatero mafunde a namondwe amafika patali kuposa kale. Sabata yotsatira filiji inali pamwamba pa njerwa, wamagetsi atakweza soketi, ndipo a Davide anali atayenda khomo ndi khomo kuopseza madala anzawo za mafiliji awo. Kumsonkhano wa khonsolo wokambirana zoteteza gombe, komwe kale kunkabwera anthu anayi, mipando inachepa.

Connie anapempha Tisungeni kuti akalankhuleko. Iye anakana, anali ndi shifiti ku Maddington. Koma zithunzi za ukwati wa a Davide, zimene zinali m'katoni pansi m'galaja momwemo, anazinyamula yekha kukaziika pamwamba pa kabati, poti mwini wake sanazikumbukire n'komwe.