Mpweya wa Mayi Ahrendt

Chaka changa choyesedwa m'gulu la zoimbaimba la mumzinda wathu chinali chitatsala milungu itatu kuti chithe, ndipo mtima sunali m'malo. Chaka chikatha gulu lonse limavota: ukhale, kapena ulongedze chitoliro chako uzipita. Ine ndinkaimba chitoliro chachiwiri, pambali pa Mayi Ahrendt, amene anali atakhala pampando woyamba zaka makumi atatu.

Mayiwa sankanyengerera munthu. Tsiku loyamba lomwelo anandigwira mkono.

"Iwe Malte, ukufuna akumve ndani? Amayi ako ali muholo muno?"

"Ayi, mayi."

"Ndiye chepetsa. Wachiwiri sapikisana ndi woyamba. Uzimvetsera mmene ndikuuzira, uzipuma pamene ine sindikupuma. Chitolirocho uzichifunditsa m'jekete, chikazizira mawu amatsika."

Zinandiwawa, ine amene ndinaposa anthu makumi asanu kuti ndipeze mpandowo. Komabe ndinamvera, mpaka Detlef, woimba lipenga wolongolola, anayamba kundinyogodola. "Kodi mnzathuyu amachiuziradi, kapena amangochipsompsona?" Anthu ankafa nacho chiseko, ndipo aliyense wosekayo anali ndi voti.

Lamlungu lina masana tinkaimba m'tchalitchi mozizira koopsa. Mayi Ahrendt anali atangochira chifuwa. M'nyimboyo muli malo amene chitoliro choyamba chimatsala chokha, liwu limodzi lalitali, ena onse ali zii. Changa chinali kale pamlomo, ndikudikira polowera panga. Atafika pakati ndinaona phewa lawo likugwa. Mpweya unkawathera. Sindinaganizenso kawiri, ndinalowa pansi pa liwu lawolo pang'onopang'ono, n'kulinyamula mpaka kumapeto. Wotsogolera gulu anali atatsinzina. Nyimbo itatha anaimiritsa Mayi Ahrendt okha, anthu n'kuwomba m'manja osafuna kuleka. Kwa ine mayiwo sananene kanthu, ngakhale zikomo, ndipo ndinapita kunyumba nditakwiya.

M'mawa wa tsiku lovota ndinadikira pakhonde. Woyamba kutuluka anali Detlef, nkhope itafiira.

"Wadutsa, mphwanga. Ine ndinanena kuti chaka chonsechi sindinakumveko. Basi mayi aja n'kuimirira. Akuti, 'Liwu lija munandiyamikira nalo kutchalitchi, theka lake silinali langa. Mpweya unandithera. Pakanapanda iyeyu, bwenzi lero mukukambirana za ine.'" Anapukusa mutu. "Pamaso pa gulu lonse! Mawa lomweli zifika kwa wotsogolera. Kuyambira lero aziwawerengera mpweya uliwonse."

Palibe amene akanadziwa. Akanatha kungoponya voti yawo n'kukhala chete, dzina lawo lili bwinobwino. Sindinaonepo munthu wolimba mtima ngati mayi amenewa.

Anatuluka pomalizira, atapanira kabokosi ka chitoliro m'khwapa. Ndinafuna kuwathokoza koma misozi inayamba kutsika. Anandiyang'ana, n'kunditambasulira kansalu kopukutira chitoliro.

"Pukuta m'masomo. Ukalira mlomo utupa, ndipo masana ano tikamaimba ndikudalira iwe."