Chikwama Chopita Kutsidya kwa Ngalande

Atelala ankasokera pakhonde la nyumba yawo, moyang'anana ndi msewu wopita kuchipatala chaching'ono cha m'deralo. Chipatalacho chinali pafupi kwambiri moti mwana akalira pobayidwa jakisoni, iwo ankamva ali pamakina. M'mawa uliwonse mng'ono wawo ankadutsa pamenepo, chikwama paphewa, atavala yunifomu imene iwo eni anaichepetsa m'chiuno ndi kuipinda m'munsi. Anali mlangizi wa zaumoyo, wa aja oyenda khomo ndi khomo. Ankakweza dzanja n'kufunsa ngati adzuka bwino, koma mapazi osaima. Ulendo wake unali wa kutsidya kwa ngalande, kumene nyumba zinapanikizana ngati mano ndipo galimoto sifikako.

Mwanayu analeredwa ndi iwo makolo atamwalira. Anamusambitsa, anamuluka tsitsi, anamusokera madiresi a zigamba zotsala za makasitomala. Tsopano dera lonse linkamutcha Azaumoyo, ngakhale nkhalamba zomwe, ndipo iwo anangosanduka "achemwali a Azaumoyo", ngati alibe ntchito yawoyawo yowadziwira.

Atelala anali ndi bipi, matenda a kuthamanga kwa magazi. Ankamwa mapilitsi m'mawa uliwonse, ndipo tsiku lokayezetsa likakwana ankayenda okha n'kukakhala pabenchi ngati wina aliyense. Nthawi ina anapempha mng'ono wawoyo kuti angowayeza pakhonde pomwepo, popeza makina oyezera anali m'chikwama. Iye anaseka, nati chipatala chili pamphuno pawo, mabatire a makinawo ndi a anthu amene sangathe kufikako. Atelala anasekanso, koma mawuwo anawakhala pakhosi ngati munga wa nsomba.

Tsiku lina anapita kukapereka diresi kwa kasitomala wa kutsidyako. Anawoloka ngalande pathabwa loterera, atakweza diresilo m'mwamba. Ali m'kanjira kopapatiza, anaona chikwama chija chili pansi m'nyumba ina yosatseka chitseko. Mng'ono wawo anali atakhala pandowa yovundikira, pafupi ndi mayi wina amene bipi inamupha dzanja ndi mwendo mbali imodzi. Sankayankhula. Dzanja la mng'ono wawo linali pamkono wa mayiyo, ndipo onse awiri anali phee, ngati anthu ogwirizana kale moti mawu safunikanso. Patapita nthawi ndithu m'pamene anamumanga lamba woyezera. Atatha anamugwadira n'kumuwenga zikhadabo za kuphazi lakufalo, mayiyo akuti mwana wanga, mwana wanga, ndi pakamwa pake popotoka.

Atelala anabwerera diresi lili m'manja. Anakumbukira ali pathabwa kuti sanapereke.

Madzulo ake anadandaulira wometa, yemwe kanyumba kake kanali moyandikana ndi khonde lawo. Anati anthu ena amakolola pamene sanalime, anati munthu umalera mwana kuti akawenge zikhadabo za eni ake. Wometayo, munthu wosasunga nthabwala m'kamwa, anayankha akusesa tsitsi kuti mankhwala ake ndi osavuta. "Mukafuna kuti Azaumoyo akuchezereni, yambani mwafa mwendo, mayi. Inu mwachuluka mphamvu."

Anamutukwana mwachizolowezi, namuuza kuti azimeta anthu osati nzeru. Koma m'mawa mwake, atatenga pilitsi m'manja, analiyang'ana kwa kanthawi, kenako analiponya m'chitini cha mabatani. Sankafuna kufa mwendo ayi. Ankangofuna kuti bipi ikwereko pang'ono, pongokwanira kuti chikwama chija chitsike pakhonde pawo.

Masiku anapita, mapilitsi akuchuluka m'chitini. Mutu unayamba kulemera kunkhongo, ndipo iwo anaulandira ngati mlendo amene ankamudikira. Mng'ono wawo akudutsa, Atelala anagwira khosi n'kubuula mokweza. Iye anaima ndithu tsiku limenelo, nawayang'ana m'maso, nati apite kuchipatala lero lomwe, asazengereze, pakuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Kenako anayang'ana kumwamba kumene kunkachita mitambo, nati iyeyo afulumire kutsidya madzi asanadzadze m'ngalande. Atelala sanapite. Anapondaponda makina mwaukali mpaka ulusi unaduka.

Tsiku lotsatira masana, akulowetsa ulusi, diso la singano linasanduka awiri. Khonde linapendekeka. Anagwira tebulo la makina, sizasi n'kugwa pansi. Wometa anasiya kasitomala atametedwa mbali imodzi n'kuthamangira kutsidya.

Mng'ono wawo anafika ali wefuwefu, matope mpaka m'maondo. Anawakhazika pampando wotsamira, nawongola mapazi awo kuti aponde pansi bwino, naika mkono wawo patebulo. Atelala atayamba kufotokoza, iye anawaletsa. Anati asayankhule, apume kaye, chifukwa munthu akayezedwa akuyankhula kapena atangoyenda kumene, makina amanama. Anakoka kampando n'kukhala pambali pawo, dzanja lake pamkono wawo.

Ndiye kukhala chete kuja kunali kumeneku. Inali ntchito chabe, yochitira aliyense. Atelala anachita manyazi, komabe sanafune kuti nthawiyo ithe. Anamva fungo la sopo wa mng'ono wawo, anaona kuti ulusi wa batani la pakhosi wayamba kumasuka.

Lamba anafufuma, nafinya mkono, naphwa. Mng'ono wawo anayang'ana manambala. Anafunsa ngati akumwa mankhwala, iwo nati akumwa. Iye anawayang'ana, kenako anatambasula dzanja pansi pa tebulo, pamene kuyambira ali mwana ankadziwa kuti achemwali ake amabisapo maswiti. Anatsegula chitini. Mapilitsi anali mbuu pakati pa mabatani a malaya.

"Achemwali, n'chiyani ichi?"

"Nanga ndikanatani? Umangondikwezera dzanja ngati ndine basi yodutsa. Kwa eni ake umakhala pansi."

"Mayi a kutsidya aja ndawamasula lamba ndisanathe kuwayeza. Kuti afike kuchipatala, pamafunika amuna awiri owawolotsa pathabwa. Inu mumafika madzi a tiyi asanawire." Mawu ake anatsika. "Mukufuna mufanane nawo? Kumeneko n'kumene mumapita. Ndikanakuwengani zikhadabo, inde, inu osamva kuti ndakugwirani."

Wometa, amene anaima chapatali, anakumbukira mwadzidzidzi kuti ali ndi kasitomala.

Kuchipatala anapita atakolowekana mikono, ndipo adokotala anawagoneka mpaka bipi inatsika. Kuyambira pamenepo Atelala anakhaladi mmodzi wa oyenderedwa pakhomo, monga ankafunira. Koma amene ankabwera anali mlangizi wina, bambo wamtali wosamwa tiyi, amene ankawatcha amayi n'kuimirira mpaka ameze pilitsi iye akuona. Mng'ono wawo anakanitsitsa kuwayezanso. Anati manambala a mbale wake sawaona bwino, maso amachita nkhungu.

Lamlungu masana anabwera, atavala diresi wamba. Anakhala pansi pakhonde, natsamira miyendo ya achemwali ake monga ankachitira kale, nawapatsa chipeso. Atelala anayang'ana phewa lake lopanda kanthu, nafunsa kumene wasiya chikwama.

"Chikwama n'cha odwala. Ine ndabwera kwa achemwali anga."

Anayamba kumupesa, kugawa tsitsi mizeremizere. Linali litayamba imvi kuseri kwa khutu, iwo osadziwa. Analuka mzere woyamba, koma pa wachiwiri analephera kupirira, nafunsa ngati mayi uja womutcha mwana wake anayamba wamulukapo tsitsi. Mng'ono wawo anati ndi dzanja limodzi angaluke bwanji. Atelala anati n'zimene amaganiza, nakoka tsitsilo mwamphamvu pang'ono kuposa mmene pankafunikira.

M'mawa mwake chikwama chinadutsanso, kulowera kungalande. Dzanja linakwera, mapazi osaima. Atelala anameza pilitsi lawo, nachiperekeza ndi maso mpaka chinakhota, ndipo anaitana wometa kumufunsa ngati waona mmene Azaumoyo atchenera m'mutu lero, ndiponso ngati akudziwa amene anawaluka.