Mwala Paphewa la Zeleke

Etiye Askale atangomuona Abrehet akutsika takisi, anataya ndodo n'kuyamba kululuta ngati kwafika mkwatibwi.

"Mwana wanga! Ndiwe kodi? Taonani imvizi! Unachoka kuno uli kamtsikana kouma miyendo, lero wandibwerera uli gogo mnzanga!"

"Nanga inu, Etiye, mano aja munawasiya kuti?"

"Anapita limodzi ndi boma lakale lija, mwana wanga."

Anapsompsonana m'masaya, uku ndi uku. Misozi ya Askale inali yeniyeni. Ya Abrehet inakana kutuluka, chifukwa maso ake anali pa geti lobiriwira kumbuyo kwa mayiyo. Getilo analiwotcherera ndi manja awo bambo ake, Tesfamariam, koma tsopano panalembedwa dzina la munthu wina.

Tesfamariam anali makaniko wochokera ku Eritrea, koma anakulira, kukwatira ndi kuika mkazi wake mu Addis Ababa momwemu. Zeleke, mwamuna wa Askale, anabwera pakhomopo ngati wa lendi m'zipinda zakuseri. Abrehet anakula akuwaitana mwaulemu kuti Gashe ndi Etiye, ngati amalume ndi azakhali. Amuna awiriwa ankadya injera, mkate wakuno, m'mbale imodzi, pachikondwerero n'kumadyetsana ndi dzanja ngati pachibale. Koma paja tikhale nawo analanda malo. Nkhondo ya dziko lino ndi Eritrea itabuka, Zeleke anavala jekete lake labwino n'kukanena kwa akuluakulu a m'deralo kuti Tesfamariam ndi kazitape. Sipanapite nthawi, bambo ndi mwana wake anakwezedwa basi ya othamangitsidwa, ali ndi chikwama chimodzi. Tesfamariam anali ndi matenda a shuga. Anafera m'chipululu basiyo isanafike pamalire, mutu uli pamiyendo ya Abrehet. Anzake a m'basi anamukwirira m'mbali mwa msewu, dalaivala akuliza hutala kuti afulumire.

Malire anakhala otseka zaka makumi awiri, mafoni nawonso osadutsa. Atatsegula, munthu woyamba kumuimbira Abrehet ku Asmara, likulu la Eritrea, anali Askale. Anati Zeleke ali gone, kuchipatala amubweza, ndipo wansembe wake, Aba Kidane, wakana kumupatsa Mgonero asanayanjane ndi mwana wa Tesfamariam.

"Ndikubwera, Etiye," Abrehet anayankha mofatsa.

Askale anamva chifundo m'mawuwo. Mayi womvetsa chisoni! Abrehet anatseka shopu yake yosoka n'kukwera ndege koyamba m'moyo wake chifukwa anaona kuti kukana pafoni n'kosakoma. Ankafuna kukana akumuyang'ana munthuyo m'maso.

"Tilowe, anthu akudikira," anatero Askale.

"Adikire. Ine ndiyambe ndaona mayi anga."

Anayenda pang'onopang'ono kulowera kutchalitchi, kumene kunali manda. Abrehet sankauzindikira mzinda umene anabadwiramo. Pamene panali bekale panamera nyumba yosanja yagalasi, ndipo mnyamata wogulitsa nthochi anamufunsa ngati ndi mlendo. Zinamuwawa. Ku Asmara ankamuseka kuti amayankhula ngati wa ku Addis, kuno akumuyesa wobwera.

Kumanda ankayembekezera kupeza tchire. Anapeza posesedwa bwino, mtanda uli wopaka utoto woyera, dzina la mayi ake likuwerengeka.

"Ndani amachita zimenezi?"

"Angakhale ndaninso? Mayi ako anandigwira dzanja pobereka ana anga onse. Chaka chilichonse ndimaphika n'kuitana osauka m'dzina lawo. Zeleke akafunsa pakhomo paja ndimati ndapita kumsika."

Abrehet anagwada n'kupsompsona mtandawo. Atadzuka anayamba kuwerenga mayina a pamanda oyandikana nawo. Apa panagona msilikali wa mfumu yakale, pambali pake mwana wasukulu wa gulu lija linagwetsa mfumuyo. Uku Mwamhara, uku wa ku Tigray, uku wa ku Eritrea, mitundu yosiyana koma onse mizere yofanana, popanda wofunsa mnzake chiphaso. Anaganiza kuti tonsefe ndife apaulendo, timangosiyana basi imene takwera. Anamva mtima wake ukufewa, ndipo anachita nawo mantha.

Kenako anaona kuti kumanja kwa manda a mayi ake munthu wina analambula n'kukhomapo zikhomo.

"Awa ndi malo amene bambo anga anadzisungira. Walambulapo ndani?"

Askale anayang'ana pansi. "A bungwe la maliro. Malo anatha muno, mwana wanga. Ati poti mwiniwake sadzabweranso..."

"Adzagonepo ndani?"

Mayiyo anangokokera nsalu yake yoyera kukamwa.

Abrehet anaseka, kuseka koipa, mpaka mlonda wa kumandako anatembenuka. "Nyumba anatenga. Galaja anatenga. Tsopano akufuna akagone pambali pa mkazi wa mwini? Gashe Zeleke ndi mwamuna ndithu! Sasiya kanthu m'mbale."

"Usayankhule choncho pamanda."

"Tiyeni, Etiye. Mwati anthu akudikira."

Pabwalo panali patadzaza. Pansi anali atamwaza udzu wauwisi, lubani akufuka, mayi wina akukazinga khofi. Pamtengo wa pichesi umene Abrehet ankakwera ali mwana panamangiriridwa nkhosa yonenepa ya phwando la chiyanjano. Amayi achikulire anamuthamangira, aliyense akuti anamuberekapo kumsana. Abrehet ankawadziwa onse. Tsiku lija lowatenga, ambiri a iwo ankasuzumira pazenera, makatani akugwedera.

Aba Kidane, wansembe wamfupi wandevu zoyera, anamupatsa mtanda kuti apsompsone. Kenako anakodola, ndipo amuna awiri anatuluka m'nyumba atamugwirizira Zeleke m'khwapa.

Abrehet anali atamusunga m'mutu ali chimunthu chamimba, choseka mokweza. Amene anatulukayo anali mafupa okulungidwa m'bulangete, khungu lachikasu, maso olowa. Zinamukwiyitsa kuti matenda anamufikira munthuyo iye asanafike.

Kuno munthu akalakwira mnzake kwambiri amasenza mwala paphewa n'kugwada pamaso pake. Wolakwiridwayo akauchotsa ndi manja ake, mlandu watha, ndipo palibe woutchulanso. Amuna aja anamugwaditsa Zeleke paudzu, wina n'kumuika mwala paphewa, pafupi ndi khosi. Unali mwala wabwino ndithu, waukulu ngati mutu wa mwana. Zeleke anaugwirizira ndi manja onse awiri.

"Mwana wanga Abrehet," anayamba, mawu akutuluka ngati akusefedwa. "Chifukwa cha Mulungu, ndikhululukire. Nthawi ija inali yoipa."

"Nthawi?" anatero Abrehet. "Ndiye kuti ndi nthawi imene inavala jekete n'kupita kukanena? Bwanji simunaiitane nthawiyo idzasenze mwalawu?"

Wina anatsokomola. Mkulu wina wa pamalopo anati, "Mwana iwe, madzi akatayika saoleka. Atsogoleri a mayiko agwirana chanza, ndiye ife ndife ndani?"

"Agwirana chanza chifukwa bambo awo sanafere m'basi. Gashe Zeleke, nenani chimene munachita. Anthuwa amve ndi makutu, poti tsiku lija anangoona ndi maso."

Zeleke anayang'ana wansembe. Wansembe anangoyang'ana mtanda wake.

"Ndinanama," Zeleke anatero. "Tesfamariam sanali kazitape. Sankadziwa kanthu kupatula injini zake."

"Munanamiranji?"

"Ndinasirira nyumba." Anapuma movutikira. "Ndinkadya kwake, kuvala zakale zake. Kukoma mtima kwakeko kunkandipweteka. Ndinati angopita kwawo, sindinati afe."

"Kwawo kunali kuno."

"Kunali kuno."

"Tchulani dzina lawo lonse."

"Tesfamariam Gebrehiwet. Mnzanga. Ndinamupha ndine."

Amayi anayamba kufwenthera. Ena anali atakonza kale lilime kuti alulute, ndipo mwamuna wa mpeni anali atasendera kufupi ndi nkhosa ija. Mwala unkatsetsereka pang'onopang'ono paphewa la Zeleke, iye n'kumaubwezera. Thukuta linkagwera paudzu.

Abrehet anapinda manja pachifuwa. Anali atalota za mphindi imeneyi akusoka madiresi a anthu, akutunga madzi, akuyamwitsa ana ake. Ankaopa kuti ikadzafika idzakhala yosakoma. Inali yokoma, ndipo sanachite nayo manyazi.

Askale anadzigwetsa pansi n'kugwira mapazi ake. "Chifukwa cha mayi ako, Abrehet! Chifukwa cha manda amene ndasesa aja! Ndi woipa, ndikudziwa, ndagona naye nyumba imodzi zaka zonsezi. Koma asapite chimanjamanja kwa Mulungu. Ngati ukufuna, andisenzetse ineyo mwalawo."

Apa ndiye panamuvuta Abrehet. Anawerama n'kumudzutsa mayiyo, kumusasa udzu m'mawondo, n'kumupsompsona pamphumi. Misozi imene inakana pageti paja inatuluka tsopano.

"Inu ndilibe nanu mlandu, Etiye. Mukadzafa ndidzabwera, ndidzalira kuposa ana anu."

Anapukuta m'maso n'kutembenukira kwa Zeleke. Anagwada kuti nkhope zawo zifanane. Anthu anaona ngati akufuna kutambasula manja.

"Gashe, bambo anga anapempha zinthu ziwiri m'basi muja: madzi ndi wansembe. Madzi ndinawapemphera kwa mayi wina amene anali ndi mwana wakhanda, anandigawira pachivundikiro cha botolo. Wansembe sanapezeke. Anafa akufunsa ngati mwakumbukira kudyetsa galu wawo. Inuyo! Mpaka pomaliza sanakhulupirire kuti ndinu." Anaimirira. "Inu madzi muli nawo. Imwani."

Anatenga chikwama chake n'kuyenda kulowera kugeti. Kumbuyo kwake kunamveka kugwa kwa mwala, kenako kulira kwa Askale. Mwala wogwa wokha suthetsa mlandu, aliyense pabwalopo ankadziwa zimenezo.

Aba Kidane anamupeza pamsewu akuimitsa takisi. Mkuluyo anali wefuwefu.

"Mwana wa Tesfamariam, taima."

"Musavutike, Aba. Mukampatse Mgonero wanuwo ngati mukufuna. Ndinu mwini."

"Si wanga. Ndinamuuza Zeleke zaka zambiri zapitazo kuti sadzaulawa mpaka utachotsa mwalawo, ndipo sindisintha lero chifukwa choti wawonda. Komanso pambali pa mayi ako sagonapo. Zimenezo ndikaziletsa ndekha."

Abrehet anamuyang'ana modabwa. "Zikomo, Aba."

"Usathokoze, sindinathe. Munthu uja sabata ino saimaliza. Iwe ndiwe mwana wa tchalitchi, lamulo ukulidziwa. Wokana kukhululuka nayenso sayandikira Mgonero. Lero mwala ulipo, phewa lilipo, manja ako alipo. Akangotseka maso, udzauchotsa paphewa la yani? Ukudzitsekera khomo lomwelo limene wamutsekera iye."

Takisi inaima. Dalaivala anatulutsa mutu. "Mukupita kapena mukupemphera, mayi?"

Abrehet anayang'ana geti lobiriwira lija. Linali lotsegula, ndipo kubwerera kunali kwapafupi. Anaganiza za tchalitchi chake ku Asmara, mmene amaimirira m'mawa atavala zoyera pakati pa amayi anzake, ndi mmene azidzatsalira kumbuyo anzake akupita kutsogolo, Lamulungu lililonse mpaka tsiku lake lomaliza. Zinamuwawa kwambiri.

"Ndikudziwa, Aba. Ndinaziganizira ndisanakwere ndege."

"Ndiye?"

"Mlandu suola. Iye atsogole, ine ndimupeza. Tikaukamba komweko, bambo anga ali pomwepo. Akakati ndiuchotse, ndikauchotsa."

Anawerama kuti apsompsone mtanda wa wansembeyo monga mwa mwambo. Aba Kidane anazengereza, kenako anaubweza mtandawo n'kuulowetsa m'chovala chake.

Abrehet anagwedeza mutu ngati munthu amene wauzidwa mtengo woyenera. Analowa m'takisi n'kutseka chitseko.