Masamba Asanu a Adalaivala

Adalaivala anayamba kuphunzira Chingelezi mutu uli mbuu ndi imvi, ndipo si kuti ankasaka ntchito. Ntchito anali atapuma, atayendetsa malole zaka makumi atatu. Chimene chinkawakweza masitepe Loweruka lililonse masana, kupita m'kachipinda ka pamwamba pa sitolo ya penti, chinali uthenga wa mdzukulu wawo.

Mwana wawo wamkazi, mmodzi yekhayo, anamwalira mdzukuluyo akadali kubere. Mkamwini anatenga khandalo n'kupita nalo kunja kwa dziko, ndipo linakula likulankhula Chingelezi chokhachokha. Atakwanitsa zaka khumi ndi ziwiri, mtsikanayo anatumiza uthenga pafoni, bambo ake n'kuumasulira: "Agogo, amayi anga anali munthu wotani? Agogo aakazi anandiuza kale zawo. Ine ndikufuna zimene inuyo munaona. Mundilembere nokha, tsamba limodzi basi, ndidzawerenge ndekha popanda wondimasulira."

Tsono Chingelezi cha Adalaivala chinali cha apolisi apamsewu. Chinkakwana kupepesera ndi kufunsira njira, koma kufotokozera munthu ayi ndithu.

Mphunzitsi wa kalasilo anali mayi wochepa thupi amene ophunzira ankamutcha Lumo, ndipo mwini wake ankalidziwa dzinalo, n'kumavomera akaitanidwa. Lamulo lake linali limodzi. Pofotokoza munthu, mawu alionse amene angakwanenso mwana wa aneba, iye amadula. Anamwino awiri ndi telala amene ankaphunzira nawo anali atazolowera kulandira mapepala awo ali psuu ndi inki yofiira, ndipo telalayo ankati Lumo amawononga nsalu kuposa iye.

Patatha miyezi inayi Adalaivala anadzimva kuti akhwima. Anakhala pathebulo lodyera mmawa uliwonse kwa sabata yathunthu, dikishonale pambali, magalasi pamphuno, mpaka anadzaza masamba asanu. Tsiku lokapereka anavala jekete.

Anzawo atatuluka, Lumo anakoka mpando n'kukhala moyang'anizana nawo.

"Mwati mdzukulu akufuna tsamba limodzi, inu mwabweretsa asanu. Chabwino, tiyeni tione. Apa mwalemba kuti mwana wanu ndi wabwino mtima. Wa aneba anu ndi woipa mtima?"

"Ayi aphunzitsi, nayenso ndi wabwino ndithu."

Cholembera chinadutsa. Waulemu chinadutsa. Wolimbikira sukulu, woopa Mulungu, wokonda abale, wosayambana ndi munthu, zonse chinadutsa. Adalaivala anali atavutikira mawu amenewa limodzilimodzi m'dikishonale, ena atawapeza aatali bwino oti mdzukulu agome nawo, ndipo ankangowaona akugwa.

"Bambo, musakwiye, koma awa ndi mawu a pamaliro. Amanenera aliyense amene wagona m'bokosi."

"Anamwaliradi, aphunzitsi."

Lumo anaika cholembera pansi. Kunsi m'sitolo muja munthu wina ankagubuduza zitini za penti.

"Pepani, bambo. Sindimadziwa." Kenako anapitiriza ndi mawu ofewa. "Ndiye mwanayu akufunikadi mayi ake enieni, osati mayi wa aliyense. Tiyeni tiyambe ndi zazing'ono. Akamaseka ankatani? Ankagwira pakamwa, kapena ankaponya mutu kumbuyo?"

Adalaivala anakonza magalasi awo n'kuyang'ana pamapepala aja.

"Nanga akakwiya? Ankalongolola kapena ankangoti duu?"

"Sankakwiyakwiya."

"Ankalemba ndi dzanja liti?"

Anayang'ana manja awo, lamanja kenako lamanzere, ngati yankho lili pamenepo. Pa masamba asanu aja panatsala chiganizo chimodzi chosadulidwa, chonena tsiku limene mwanayo anabadwa, ndipo nalonso anali atalikopera pakhadi la kusikelo.

Kunyumba anapeza akazi awo akusita.

"Amayi, kodi mwana uja ankalemba ndi dzanja liti?"

"Lamanzere. Mwaiwala?"

Sanaiwale. Sanadziwepo n'kale lomwe, ndipo izi zinawawawa kuposa tsiku la maliro. Akazi awo, simbi ili m'manja, anangoyamba kukhuthula. Mwanayo ankatafuna kolala ya yunifolomu mpaka kuboola. Ankagona mapazi ali kunja kwa bulangeti ngakhale kuzizire bwanji. Akanama ankayamba ndi kutsokomola. Atakula ankadula tsitsi lake yekha pagalasi la kubafa, kumbuyo n'kumakhala kokhota.

"Lembani zimenezo, abambo. Adziwa ndani kuti ndakuuzani ine?"

"Mwana wati zimene ndinaona ineyo."

"Nanga inu munkaona chiyani? Mumafika Lachisanu mutatopa, Lamlungu mwapita."

Sananene mwachipongwe. Anangonena, n'kutembenuza malaya kuti asite mbali inayo.

Adalaivala analowa m'chipinda chimene chinali cha mwanayo, momwe tsopano munkakhala masutikesi ndi mashini osokera akufa, n'kukhala pabedi lopanda matiresi. Chowalasa mtima chinali chakuti akanawafunsa za lole yawo yomaliza, akanalemba masamba asanu Lumo osadulapo ngakhale liwu limodzi. Ankadziwa kuti giya yachitatu inkalowa ukainyengerera, kuti chitseko cha kumanzere chinkafuna bondo, kuti injini ikamva ludzu inkasintha kaliridwe. Mwana wawo anakhala ndi moyo zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo iwo sankadziwa kaseka kake. Analira, munthu wamkulu, dzanja lili pakamwa kuti akazi awo asamve.

Masiku anayi anadutsa pepala lili loyera. Tsiku lachisanu lake anakumbuka kanthu kamodzi kamene akazi awo sakanakaona, chifukwa iwo nthawi imeneyo ankakhala atabwerera kale kukhitchini. Anakalemba pang'onopang'ono, ndipo dikishonale sanaitsegule.

Loweruka Lumo anawerenga, cholembera chili chotsegula m'manja monga mwa nthawi zonse. Chingelezi chake chinali chopunduka, koma chinkanena izi: "Amayi ako ndinkawaona kwambiri pagalasi la m'mbali la lole. Ndikamanyamuka ankaima pageti, phazi limodzi litaponda linzake, osakweza dzanja. Sankalowa m'nyumba mpaka nditakhota. Ankachita zimenezi ali kamwana, ankachitabe ali ndi mimba ya iwe, ndipo ine sindinaimitsepo lole ngakhale tsiku limodzi."

Lumo anakonza timawu tiwiri, n'kuvundikira cholembera.

"Palibe chodula, bambo. Tumizani."

Telala ndi amene anawathandiza kujambula pepalalo ndi foni, chifukwa akajambula okha chithunzi chinkatuluka chosaoneka bwino.

Yankho linafika mmawa mwake, akumwa tiyi. Linali la mdzukulu mwini wake, m'Chingelezi, lopanda womasulira. Adalaivala anavala magalasi n'kuliwerenga okha, ndipo mawu onse anawamva bwinobwino.

"Zikomo agogo. Ndawerenga kanayi. Lero ndayesa kuima choncho pakhomo, n'zovuta, ndimangogwa. Koma tsamba silinadzaze, lafika pakati penipeni. Zotsalazo mutumiza liti?"

Akazi awo anasuzumira kuchokera kukhitchini.

"Wati chiyani mwana?"

"Akufuna zina."

"Ndiye mulembereni."

Adalaivala anavula magalasi n'kuwapinda.

"Zinazo ndilibe, amayi."