Denga Lisakhudzidwe

Dzina loti Bwana Mabwinja anam'patsa ndi mlongo wake, tsiku limene anamva kuti mnyamatayo akukaphunzira zosamalira nyumba zakale ku koleji. "Anzako akuphunzira kumanga, iwe zaka zinayi zathunthu ukakhale ukusisita makoma akugwa?" Dzinalo linamata, ndipo mwini wake ankalivomera ndi kamatama ndithu.

Chaka chomaliza wophunzira aliyense ankasankha nyumba imodzi yakale, kuiyeza, kuijambula ndi kulemba mbiri yake, kenako mphunzitsi n'kubwera kudzaona yekha. Anzake ankalimbirana siteshoni yakale ya sitima. Iye anangosekera mumtima, poti nyumba imene anakuliramo anamanga ndi agogo ake aamuna, njerwa zogwirizitsa ndi laimu, denga la matailosi ofiira oumba pamanja. Mumsewu wonsewo inatsala yokha.

Atafika kwawo ndi tepi yoyezera, anapeza malata atsopano atatsamira khoma la kuseri. Amayi ake, amene ankasoka zovala pakhonde, anali atapangana kale ndi mmisiri kuti achotse matailosiwo mvula isanayambe.

"Amayi, mukufuna kundipha? Mukachotsa amenewa digiri yanga yapita. Denga lisakhudzidwe mpaka aphunzitsi adzaone."

"Komatu kuchipinda kwangaku kumadontha, mwana wanga."

"N'timadontho chabe. Pirirani miyezi iwiri basi."

Miyezi iwiri inasanduka isanu, chifukwa mphunzitsi anali ndi nyumba makumi atatu zoti ayendere. Mvula inagwa ya mtima bii. Mnyamatayo akaimba foni ankayamba ndi denga, za moyo wa amayi ake n'kubwera pambuyo ngati akumbukira. Kunena zoona, anthu ena maphunziro akawalowa m'mutu amayamba atulutsamo nzeru zimene anapezamo.

Tsiku linafika. Mphunzitsiyo anali mayi wamfupi wosakonda zoseka, amene ophunzira ankamutcha Mayi Chinyontho chifukwa m'kalasi sankatha mphindi khumi osatchula madzi. Amayi a mnyamatayo anali atakolopa nyumba yonse, atavala diresi yopitira kwa anthu, chifuwa chawo akuchimezera mkati. Mphunzitsi anayamikira mafelemu a mawindo, anagogoda njerwa, anagwedeza mutu mosangalala. Bwana Mabwinja ankayenda kumbuyo kwake mapewa ali m'mwamba.

Atatsegula chipinda cha amayi, fungo la nkhungu linawalonjera. Pabedi panali nsalu yoyala bwino, koma mphunzitsi ataikapo dzanja anamva matabwa okhaokha. Pansi panali zizindikiro zozungulira zisanu, pamene pankakhala mabeseni.

"Matiresi ali kuti, mayi?"

"Anaola, aphunzitsi."

"Nanga mumagona pati?"

"Pampando wa pabalaza. Ndi wofewa ndithu, musadandaule."

Mnyamatayo ankaudziwa mpandowo: munthu sangatambasulepo miyendo.

Mphunzitsi anapempha makwerero, nakwera yekha mpaka m'denga. Anabaya phaso ndi cholembera, ndipo chinalowa ngati m'nthochi yakupsa. Anatsika n'kupukuta manja.

"Sabata yoyamba, chaka choyamba, ndinakuphunzitsani chiyani?"

"Kuti madzi asalowe m'nyumba," anayankha mnyamatayo ndi mawu apansi.

"Matailosi osweka alipo anayi okha. Mmisiri aliyense akanawasintha m'mawa umodzi, enawo osawakhudza. Lero mapaso atatu afa, ndipo mayi akugona chokhala. Tsono ndiuze zoona. Ngati unkadziwa kuti mukudontha n'kusiya dala kuti ine ndidzaone zakale, lipoti lakoli sindisaina. Munthu wotero sindingam'patse nyumba ya anthu."

Mnyamatayo anaganiza za zaka zinayi, za mlongo wake amene akanaseka mpaka misozi, za gauni yolandirira digiri imene anali atayesa kale. Asanapeze mawu, amayi ake anatsokomola n'kulowerera.

"Aphunzitsi, mwanayu musam'dzudzule. Sankadziwa. Ndine ndinam'bisira. Iye anandiuza kambirimbiri kuti Amayi, mukaona dontho ngakhale limodzi mundiimbire, koma ine ndi liuma langali ndinangoti zitha zokha."

Ananama mosaphethira, mayi amene pa moyo wake wonse sanauzepo kasitomala kuti diresi yatha isanathe. Mphunzitsi anawayang'ana nthawi yaitali, kenako anatembenukira mnyamatayo.

"N'zoona zimenezi?"

Apa mpamene mnyamatayo akanakhala munthu. Anayang'ana zizindikiro za mabeseni zija, n'kugwedeza mutu kuvomera.

Mphunzitsi anasaina atatsamiza pepala pachitseko. Sanamuyamikire, sanam'gwire chanza. Anatsanzika amayi okha, n'kuwauza kuti apite kuchipatala ndi chifuwacho.

Galimoto ya mphunzitsi itachoka, mnyamatayo anatsala chiimire pakhonde, lipoti lili m'manja, akulakalaka pansi patang'ambika. Ngakhale kupepesa sanapepese. Ankayembekeza kuti amayi amukalipira, ndipo zikanamupepukira. Iwo anangovula nsapato zawo zabwino, n'kukhala pa makina osokera.

"Wakhoza, eti?"

"Ndakhoza, Amayi."

"Zikomo Mulungu." Anatsokomola, n'kudikira kuti mpweya ubwerere. Kenako anafunsa mosamala, ngati munthu wopempha chilolezo m'nyumba ya eni: "Ndiye mmisiri uja ndimuitane, kapena kukubweranso ena odzaona?"