Dzungu la Abenicio

Ndinamuuza Abenicio, mdzukulu wanga, ali pakhomo akumanga nsapato: "Mzungu wojambula ndi utoto uja usakamuimire. Munthu wosiya kwawo kudzayang'anitsitsa amphawi sadzera zabwino."

"Agogo, inu mumaopa ndi mthunzi wanu womwe," anatero akuseka.

Inde ndimaopa. Mantha omwewo ndiwo andifikitsa pa imvi.

Apo n'kuti amalume ake atakapereka kale kalata yofunsira Eduvigen, mwana wa a Don Policarpio, ndipo tinkadikira yankho. Masiku otere mnyamata saonetsa ngakhale chigamba chimodzi. Koma iye ankafuna nkhope yake itchuke m'tauni ya Taos. Anapita kubusa kukakumana ndi mzunguyo atavala suti ya kutchalitchi, chipewa chatsopano, tsitsi lili nyezinyezi ndi mafuta a nkhumba.

Mzungu atamuona anagwira mutu. "Ayi, ayi! Ndikufuna mbusa weniweni." Ngati kuti nkhosa zonse zija zinkadziweta zokha. Anamuvula suti ndi nsapato, n'kumufunditsa bulangete long'ambika limene galu amagonera. Kenako anamunyamulitsa kamwana ka nkhosa, akuti aziyang'ana kumapiri mwachisoni. Masiku anayi! Kankhosako kanamukodzera kawiri, iye ali chilili.

"Akuti ndili ndi nkhope ya makolo akale," anadzandiuza monyada.

"Makolo ako ankavala nsapato, chitsiru iwe."

Chithunzicho anakachiika pazenera la hotela, pabwalo pomwe aliyense amadutsa pochokera ku Misa. Lamlungu a Don Policarpio anaima pomwepo, akazi awo ali pambali, napempha wodziwa Chingelezi kuti awawerengere mawu a m'munsi mwake. Akuti "Mbusa wosauka."

"Si mkamwini wanu uja ameneyu, a Don?" anafuula wometa anthu. "Mumugulireko nsapato ukwati usanafike!"

Ine ndinali kumbuyo kwawo, nditafunda shawelo mpaka m'maso.

Kwathu kuno akamakana mwamuna sachulutsa gaga m'diwa, amangomutumizira dzungu. Dzungu lake linafika Lachitatu, lalikulu, atalinyamula anthu awiri, ndipo anadutsa nalo mudzi wonse dzuwa likuswa mtengo.

Chithunzicho akuti chinakwera sitima kupita kumizinda ya kum'mawa, komwe anthu olemera akuchigomera. Eduvigen anakwatiwa ndi mwana wa wosula zitsulo. Abenicio ali kuphiri ndi nkhosa, ndipo akatsika, ana amamulondola n'kumamufunsa kuti nsapato wabwereka kwa yani.